Ku Chigwa cha Shire, mtolankhani amachemerera timu iti?

M'dziko muno palibe munthu amene amakayikiridwa kawirikawiri kuposa mtolankhani wa zamasewero. Bullets ikapambana iye n'kulemba kuti idasewera bwino, a Manoma amati wadziulula, ndi wa Maule ameneyu. Sabata yotsatira akayamikira Wanderers, a Maule amati tidadziwa kale, magazi ake ndi a buluu. Woulutsa mpira pa wailesi ndiye ali pamoto weniweni, chifukwa anthu amayeza ngakhale kutalika kwa mfuu yake: chigoli cha uku wakuwa nthawi yaitali bwanji, nanga cha uko bwanji wangoti chalowa basi. Pansi pa mikangano yonseyi pali funso limodzi. Kodi munthu akayamba ntchito yolemba kapena kuulutsa mpira, timu yomwe adakula nayo imachoka mumtima mwake? Ngati sichoka, tingamukhulupirire?

Ine ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera m'boma la Chikwawa, ndipo ndimayang'aniranso kalabu ya ophunzira okonda zolembalemba. Ambiri mwa anyamata ndi atsikana a m'kalabuyi ukawafunsa ntchito yomwe amailakalaka, amati utolankhani wa zamasewero. Choncho kwa ine funsoli si la pabawo chabe, ndiyenera kukhala ndi chowauza. Patchuthi chapitachi ndidali ndi ulendo wochokera ku Blantyre kupita kwa achibale ku Nsanje. Ndidasankha kuuyenda mosathamanga, kutsika apa ndi apo mpaka kumalire ku Marka, n'kumamvetsera zomwe chigwa chathu chimanena pa za mpira ndi anthu oulemba.

Aliyense amene adatsikapo phiri la pa msewu wa M1 amadziwa malo aja pomwe minibasi imakhota, chigwa chonse n'kuonekera pansi ngati mphasa yoyala: Shire akunyezimira, minda ya nzimbe ili biriwiri chakutali, kwinako kuli mbuu ndi fumbi. Makutu amatseka, juzi imayamba kulemera, ndipo pofika pa Thabwa aliyense wavula. Zambiri zomwe timagwiritsa ntchito kuno zimatsika ndi msewu umenewu, sopo, simenti, mabuku a sukulu, nyuzipepala. Matimu omwe timachemerera nawonso adatsika pomwepa. Dalaivala wa minibasi yomwe ndidakwera adakoleka nsalu yofiira ndi yoyera pagalasi, kondakitala wake atavala jezi ya buluu. Awiriwa adaseleulana kuyambira pa CI mpaka tidawoloka mlatho wa Kamuzu. Onse adali ana a Chikwawa, kalankhulidwe kawo kamachita kuonetsa, koma ulendo wonsewo palibe adatchulapo timu ya kwawo.

Ku America funso la mtolankhani ndi timu yake limafunsidwa mosiyana ndi kuno. Kumeneko masukulu a ukachenjede ali ndi matimu akuluakulu, moti bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 100,000. Mtolankhani amakhala kuti adaphunzira pa koleji ina, adaichemerera zaka zinayi, kenako ntchito n'kumutuma kukalemba za koleji yomwe idali mdani wawo. N'chifukwa chake kumeneko kuli mwambo wakale woti m'chipinda chomwe atolankhani amakhala poonera masewero, munthu saloledwa kuchemerera. Kuno matimu a koleji sadagwirepo mitima chotere. Kudali University FC kalelo, ndipo Mzuni idasewerako mu Super League kwa zaka zingapo, koma sindidakumanepo ndi munthu amene amasowa tulo chifukwa cha matimu amenewa. Ine ndidachita dipuloma yanga ku Domasi, timu ya pakoleji tidali nayo ndipo tinkaichemerera ndithu, koma Loweruka masana holo yonse inkagawikana pakati pa ofiira ndi a buluu. Mmalawi amafika pa koleji mtima utatengedwa kale. Amene amakaphunzira utolankhani ku MIJ kapena ku MUBAS, yomwe kale tinkati Poly, amalowa pageti ali kale ndi timu yomwe adaipeza ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, pa wailesi ya bambo ake kapena pabwalo la kwawo.

Kwa ife a m'badwo wanga, wailesi ndiyo idatisankhira. M'chaka cha 2004 ndidali mnyamata wa pulayimale pomwe Bakili Bullets, motsogozedwa ndi Kinnah Phiri, idatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kulowa m'magulu a mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Mudzi wonse unkaunjikana pa wailesi imodzi, mabatire atayanikidwa padzuwa kuyambira m'mawa. Mawu a Steve Liwewe Banda pa MBC adatidziwitsa bwalo la ku Chichiri tisanalione ndi maso. Koma ine ndidali ndi mwayi wina. Bambo anga ankadula nzimbe ku Nchalo, ndipo mwezi ukatha ankanditengera pa bwalo la Kalulu kukaonera timu ya pakampani, yomwe akuluakulu ankangoitchulabe kuti Sucoma ngakhale dzina litasintha kukhala Illovo. Kumeneko ndidaona osewera omwe mawa lake tinkakumana nawo pamsika akugula tomato. Choncho ndidakula ndi matimu awiri, ya m'khutu ndi ya m'maso, ndipo anthu ambiri a kuno a msinkhu wanga ali chimodzimodzi. Ya m'khutu ija ikadali yamoyo mwa aliyense. Ya m'maso ndi yomwe ikufota.

Ndidatsika pa Dyeratu, pamphambano yolowera ku boma la Chikwawa, n'kukhala pansi pa mtengo pomwe akabaza amadikirira makasitomala. Nditawafunsa za Chikwawa United, achikulire awiri okha ndiwo adakumbuka kuti timuyi idasewerako mu Super League m'chaka cha 2014 n'kutuluka chaka chomwecho. Achinyamatawo adaseka, amvekere kodi aphunzitsi, Chikwawa idakhalapo ndi timu mu ligi yaikulu? Sindidawadabwe. Chinthu chomwe sichidalembedwe mokwanira chimaiwalika msanga. Super League idayamba m'chaka cha 1986, ndipo kuchokera nthawi imeneyo chikho chake sichidatsikepo pa Thabwa. Timu ya kuno ikalowa mu ligi, imatchulidwa kwambiri sabata yomwe ikukumana ndi Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers. Nkhani yake imalembedwa ndi maso a mlendo: momwe alendowo adavutikira ndi kutentha, momwe adapulumukira, zomwe mphunzitsi wawo adanena. Timu ya pakhomo ikapambana, mutu wa nkhani umakhala wa amene wagonja.

Mmodzi mwa achikulire aja adati umenewu ndi umboni woti atolankhani onse ndi masapota a matimu akuluakulu. Ine ndikuona kuti nkhaniyi ndi yaikulu kuposa mtima wa munthu mmodzi. Maofesi a Nation ndi Times ali pa Ginnery Corner, MBC ili ku Chichiri, Zodiak ili ku Lilongwe. Kuchoka pa Ginnery Corner kupita pa bwalo la Kamuzu munthu atha kuyenda wapansi. Kuti afike pa Kalulu ayenera kuyenda makilomita oposa 70, n'kubwereranso usiku kukwera phiri lija. Ku Nsanje ndiye ndi makilomita pafupifupi 180. Mkonzi amene ali ndi galimoto imodzi ndi mafuta owerengeka amatumiza mtolankhani komwe kuli owerenga ambiri. Ndiye palinso chipondamthengo, kandalama kapena mpando wa m'basi womwe timu yopeza bwino imatha kupereka kwa olemba nkhani, pomwe timu ya kumudzi imavutika kugula ngakhale madzi a osewera ake. Mtolankhani atha kukhala woongoka ngati bango, koma ngati mayendedwe ndi msika zikumukokera mbali imodzi sabata ndi sabata, tsamba lake lidzapendekeka ndithu, mtima wake usanalankhule n'komwe.

Kuchoka pa Dyeratu msewu umawongoka, dziko lili see, mibuyu ndi migwalangwa ili apo ndi apo, mbuzi zikudutsa mosasamala hutala. Ukayandikira ku Nchalo fungo la manyuchi limakulonjera usanaone fakitale. Nzimbe zidayamba kulimidwa kuno m'zaka za m'ma 1960, ndipo tauni yonse idamera mozungulira ntchito imeneyi: Asena, Amang'anja, Alomwe ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, onse adakumana m'makomboni a pakampani. Mpira ndiwo unkawalumikiza Loweruka. Bwalo la Kalulu likadalipo, ndipo dzina lomwe likusenza mbiri ya mpira wa pamalopa masiku ano ndi Nchalo United. Timuyi idakwera mu Super League n'kusewera m'chaka cha 2018, koma idatuluka pakutha pa chaka chomwecho. Amene adalipo amakumbukabe chinamtindi cha anthu tsiku lomwe matimu a ku Blantyre ankatsika, ena atakwera m'mitengo, ena atachokera ku Ngabu panjinga dzuwa lili pamutu. Amakumbukanso chinthu chowawa, kuti theka la anthu a pa Nchalo pomwepo linkabwera litavala zofiira kapena za buluu, kudzachemerera alendo pakhomo pawo.

Nchalo ndi malo abwino oyezerapo funso lathu chifukwa cha zomwe zidachitika m'chaka cha 2017. Pamasewero a chikho cha Carlsberg, Nchalo United idalepherana 1-1 ndi Chitipa United n'kugonja pamapenate. Kenako kudamveka nkhani yoti oimbira adalandira K15,000 kuti akondere Nchalo, ndipo zidaululika chifukwa opereka ndalamazo atagonja adakazifunanso. Bungwe la oimbira mpira lidalamula kuti anthu anayi asadzaimbirenso moyo wawo wonse. Nkhaniyi idafika mpaka pa BBC, ndipo anthu a maiko akutali omwe sadziwa komwe kuli Chikwawa adaseka nafe. Tsono tiyerekeze mtolankhani wobadwira m'komboni ya pa Nchalo, amene adakulira pa Kalulu ngati ine, nkhani yotere yamupeza iye poyamba. Achite chiyani? Akaibisa, wateteza dzina la kwawo kwa sabata imodzi, koma wasiya chilonda chikunyeka mkati, ndipo anyamata omwe amathamanga padzuwa la Okutobala popanda malipiro adzapitiriza kuseweretsedwa ndi anthu a m'matumba. Akailemba, ena samupatsanso moni pamsika. Pamenepa ndi pomwe chikondi cha munthu pa timu yake chimaonekera kuti n'chamtundu wanji. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi.

Pa Nchalo pomwepo ndidakumana ndi mnyamata amene ndidamuphunzitsa zaka zingapo zapitazo, yemwe pano amatumiza nkhani za masewero ku wailesi ina ya m'dera. Malipiro ake ndi a mayunitsi ndi sopo basi, ndipo amadalira kuwotcherera zitsulo. Tidakhala pa benchi ya mayi wina wogulitsa thobwa, ine n'kumufunsa mosapsatira ngati timu ya kwawo idachoka mumtima mwake. Adaseka n'kuti, "Aphunzitsi, ikagoletsa dzanja limanjenjemera, cholembera chimachita kugwa." Kenako adatulutsa kope lake, lofanana ndi lomwe ankalembamo chimangirizo m'kalasi mwanga. Tsamba lililonse adaligawa pakati, uku timu ya pakhomo, uku ya alendo. Asanayambe masewero amalemba maina a osewera onse a mbali ziwiri. Chigoli chilichonse amalemba mphindi yake ndi amene wapereka mpira. Akatha masewero amafunsa aphunzitsi a matimu onse awiri funso lofanana, ndipo amayamba ndi amene wagonja. Akafika kunyumba amawerengera lipotilo mkazi wake, amene sakonda mpira, kuti amuuze ngati zikumveka kuti wolembayo ndi wa mbali iti.

Ndidamufunsa ngati sikukadakhala kosavuta kungosiyiratu kuikonda timuyo. Yankho lake lidali lalifupi: "Ndikasiya kuikonda, pabwalo pano ndizibwera kudzatani? Ndalama yake iti?" Mawu amenewa ndidayenda nawo ulendo wonse. Kumatauni mtolankhani atha kupita ku mpira chifukwa ndi ntchito yomwe imamulipira pakutha pa mwezi. Kuno ku chigwa palibe amene angapalase njinga makilomita 20 kukalemba za masewero a ligi ya m'boma ngati mtima wake suli pamenepo. Tikati tichotse atolankhani onse okonda matimu a kwawo, mpira wa Chikwawa ndi Nsanje ukhala wopanda woulemba ndi mmodzi yemwe.

Ngabu ndi kwa ng'ombe ndi thonje, ndipo ndi amodzi mwa malo otentha kwambiri m'dziko muno. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, moti anthu amagona panja pamikeka. Ndidafikako madzulo a Loweruka, ndipo phokoso lalikulu pa tauniyi linkachokera m'tinyumba toonetsera mpira. Pakhomo pali bolodi lolembedwa ndi choko: Arsenal, Chelsea, Liverpool, Manchester United, ndi nthawi yake. Mkatimo anyamata adzaza thukuta lili kamukamu, ena maso pa kanema, ena pafoni kuona ngati kubetcha kwawo kukuyenda. Ndidafunsa kamnyamata kena ka Fomu 2 kuti kanditchulire osewera a Arsenal, ndipo kadatchula onse mpaka a pabenchi, kuyambira Bukayo Saka. Nditakafunsa amene amamwetsa zigoli zambiri m'matimu a pa Ngabu, kadakanda mutu. Sikuti kamnyamatako n'kopanda chikondi pa kwawo. Za London kamazimva tsiku lililonse kuchokera kwa anthu odziwa kuzifotokoza mokoma, pomwe za bwalo lomwe lili kuseri kwa msika palibe amakafotokozera. Monga wailesi idatisankhira ife Bullets ndi Wanderers, kanema ndi foni zikuwasankhira anawa matimu a ku England. Chaka chilichonse mtima wa mwana wa m'chigwa ukunka nusamukira kutali.

Kupitirira Sorgin kulowa m'boma la Nsanje, umafika pa Bangula, pomwe dzina lake anthu a kumtunda amalidziwa chifukwa cha misasa ya othawa madzi. Atolankhani amabwera kuno ambiri, ndipo tiyenera kuwathokoza, chifukwa popanda iwo thandizo silikadafika m'chaka cha 2015, nthawi ya Idai mu 2019, ya Ana mu 2022 ndi ya Freddy mu Malichi 2023. Koma amabwera madzi akasefukira n'kubwerera madzi akaphwa. Dziko limatidziwa tili pamadenga ndi m'mabwato, titanyamula ndowa za ufa. Madzi akabwera, mabwalo a mpira a m'masukulu ndiwo amasanduka misasa, chifukwa ndi malo okhawo otambasuka. Matenti akachotsedwa, pabwalo pamatsala maenje, mafuwa ndi mchenga. Mphunzitsi mnzanga wa kumeneko adandionetsa bwalo la pasukulu pawo, n'kundiuza kuti anthu atangochoka, anyamata adakwirira okha maenjewo ndi makasu a makolo awo, n'kudzika mitengo ya magolo makalasi asanakonzedwe n'komwe. Imeneyo ndi nkhani ya zamasewero yoposa zambiri zomwe timawerenga Lolemba, koma angaione ndi munthu yekhayo amene bwalolo amalidziwa lisanakhale msasa.

Pa Bangula pomwepo ndidakumbukira usiku wa pa 25 Januwale 2022. Namondwe wa Ana adali atangowononga malo opangira magetsi a Kapichira m'boma lathu la Chikwawa, dziko lili mumdima, msewu wa M1 utaduka malo angapo, anthu ambiri a kuno ali m'misasa ndi zovala zonyowa. Usiku womwewo ku Yaounde, m'dziko la Cameroon, Flames inkasewera ndi Morocco mu ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa. Pa mphindi ya chisanu ndi chiwiri Gabadinho Mhango adaponya mpira uja kuchokera kutali n'kudutsa pamutu pa goloboyi. Oulutsa mpira a ku Malawi adakuwa mpaka mawu kusasa, ndipo anthu omwe adali ndi tiwailesi ta mabatire m'misasa adakuwa nawo. Tidagonja 2-1, koma palibe Mmalawi ndi mmodzi yemwe adadandaula kuti woulutsa uja amakondera Flames. Tonse tidadziwa mbali yomwe ali, ndipo zigoli ziwiri za Morocco adatiuza momwe zidalowera, osabisa. Apa zikuonetsa kuti chomwe chimatipweteka mwa mtolankhani si kukhala ndi timu. Chimatipweteka n'kutinamiza, kapena kunamizira kuti alibe mbali pomwe zolemba zake zikutsimphina mwendo umodzi.

Kuchoka pa Bangula msewu umadutsa pa Phokera ndi Tengani, mapiri ali kudzanja lamanja, dambo ndi Shire kumanzere, tsidya lake ndi Mozambique. Pa boma la Nsanje doko lomwe Bingu wa Mutharika adatsegulira mu Okutobala 2010 lili zii, asodzi ndi ochapa zovala ndiwo amaligwiritsa ntchito. Koma boma limeneli lili ndi chuma china chomwe sitichiwerengera: wailesi za m'dera, Nyanthepa ndi Gaka, zomwe zimalankhula Chisena ndi Chimang'anja cha anthu ake. Mnyamata wa kumudzi akamva dzina lake pa wailesi kuti wamwetsa zigoli ziwiri, sabata imeneyo sajomba kokonzekera masewero. Kholo lomwe linkakaniza mtsikana kupita ku mpira wamanja limafewa likamva dzina la mwana wake likutchulidwa. Achibale anga adandiuza kuti yesero lalikulu la olemba zamasewero kuno silichokera ku matimu, limachokera ku zikho za andale. Chisankho chikayandikira mabonanza amachuluka, wopereka chikho amabwera ndi mipira, mayunifomu ndi envelopu ya atolankhani. Lipoti la masewero otere nthawi zambiri limadzaza ndi zolankhula za bwanayo, dzina la mwana amene wagoletsa osamveka. Chisankho chikadutsa, mphoto zina zolonjezedwa sizioneka. Mtolankhani amene amakondadi matimu a kwawo ndi yekhayo angabwerere patatha miyezi itatu kukafunsa ngati anyamata aja adalandira zawo.

Ulendo wanga udathera ku Marka, pomwe Malawi amathera. Kumeneko malire ndi mzere wa pamapu chabe: anthu amalima uku n'kugona uko, amakwatirana, amaikana maliro, chilankhulo n'chimodzi. M'nyumba zina bambo amachemerera Flames pomwe mayi kwawo ndi kwa a Mambas, ndipo pali anthu amene amatsatira Ferroviário da Beira kapena UD Songo ya ku Tete, komwe John Banda wa Flames adakasewerako. Mkulu wina amene tidadya naye nsima ya mapira ndi mlamba wowamba adati iye wailesi zonse amamvera, za uku ndi za uko, ndipo woulutsa aliyense amamudziwa mbali yake pasanathe mphindi zisanu. Sizimuvuta. Amene amamutseka pakamwa pozimitsa wailesi ndi uja amati timu yake ikagonja, mlandu n'kukhala wa woimbira, wa mphepo kapena wa mankhwala, osavomera kuti anzawo adasewera bwino.

Tsono ophunzira anga ndikawauza izi. Timu yomwe udakula nayo sichoka mumtima chifukwa choti wapatsidwa chiphaso cha utolankhani. Chibale ndi fupa, sichiola. Amene amati alibe timu, kawirikawiri amakhala kuti waibisa, ndipo chobisika n'chomwe chimaononga, chifukwa mwini wake saachiyang'anira. Wodziwa kuti dzanja lake limanjenjemera timu yake ikagoletsa ndi amene amagawa tsamba pakati, n'kuyamba kufunsa wogonja. Asachite manyazi kukonda Nchalo United, timu ya pasukulu pawo kapena ya m'mudzi mwawo. Manyazi akhale pa kulemba chigoli chomwe sadachione, kubisa chinyengo chifukwa wochita ndi wakwawo, ndi kulandira envelopu kuti dzina la wosewera lilowedwe m'malo ndi la bwana.

Kwa atolankhani a zamasewero omwe kwawo ndi kuno koma ntchito idawatengera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pempho langa ndi lakuti musachotse chigwa mumtima pofuna kuoneka osakondera. Mukabwera kudzaona makolo pa Khirisimasi, dutsani pa Kalulu, pa Ngabu kapena pabwalo la pasukulu yomwe mudaphunzira, mubwerere ndi nkhani imodzi. Zikho monga cha Castel zimayambira m'maboma, ndipo ndime zoyambirirazo zili ndi nkhani zomwe palibe akuzitola. Anyamata ndi atsikana aluso alipo kuno, koma matimu akuluakulu sangatume munthu kudzaona wosewera amene dzina lake silidamvekepo.

Teremu ikubwerayi kalabu yathu iyamba kulemba malipoti a masewero a sukulu za m'dera lathu, mpira wamiyendo ndi wamanja womwe. Aliyense adzalemba za masewero omwe sukulu yake ikusewera, tsamba logawa pakati, maina a mbali zonse, mphindi ya chigoli chilichonse, ndipo lipoti lililonse lidzayamba lawerengedwa ndi wophunzira wa sukulu yomwe tapikisana nayo. Abwino kwambiri tidzawatumiza ku wailesi za m'dera komanso ku tsamba lino. Akonzi, mukadzalandira kalata yochokera ku Chikwawa yolembedwa pa pepala la m'kope, yofotokoza mpira wa pabwalo lopanda udzu, chonde muiwerenge kaye musanaiponye m'dengu.